Buku la kamnyamata kosewera mu sinowo landivutitsa, thandizeni

MakeTada:
Moni nonse. Achemwali anga a ku Manchester anatitumizira kabokosi ka mabuku a ana, ndiye pa onsewo mwana wanga wa zaka 4 wakakamira limodzi basi, The Snowy Day, usiku uliwonse lomwelo mpaka ndaliloweza. Kamnyamata kovala zofiira zachipewa chosongoka kakuyenda mu sinowo, kakukoka kamtengo pansi, kenako kaumba kampira ka sinowo nkuika m'thumba kuti kadzaseweretse mawa, pogona kapisa m'thumba mulibe kanthu. Apa ndiye pamene pamayambira nkhondo, iye akuti waba ndani? Ndikamuuza kuti kasungunuka sakumva. Ine kwathu ndi ku Dedza, kuzizira kwa June ndimakudziwa bwino koma sinowo sindinaigwirepo, ndiye ndimufotokozere bwanji? Komanso pa Chichewa chenicheni timati chani? Ndipo ngati alipo mabuku ena otere ndiuzeni ndiwatume achemwali.

Nachisale_Leeds:
Kikiki mayi, kugona simugona. Mugulireni firizesi, aike m'thumba la kabudula masana, abwere akuuzeni yekha kuti waba ndani. Kungoti kuchapa kwake ndi kwanu.

Buku limenelo musalione kuchepa, ndi lakale, linatuluka 1962, analemba ndi kujambula ndi Ezra Jack Keats wa ku Brooklyn ku New York, ndipo 1963 linapata Caldecott Medal, mphoto ya zithunzi za mabuku a ana ku America. Chomwe chinalitchukitsa nchoti kamnyamata kaja, Peter, ndi mwana wakuda, nthawi imeneyo mabuku a zithunzi a kumeneko ana ake anali azungu pafupifupi onse, ndipo bukuli silikamba za khungu lake olo pang'ono, mwana wangodzuka wapita kukasewera basi. Keats mwiniwake anali mzungu, makolo ake anali Ayuda ochokera ku Poland, maganizo anawatenga pa zithunzi za kamwana kena zomwe anadula mu magazini ya Life ya 1940 nkuzisunga zaka zoposa 20. Tayang'anitsitsani zithunzizo, zambiri sanapente, anadula mapepala ndi nsalu nkumata. Mu 2020 New York Public Library itakwanitsa zaka 125 inalengeza kuti ndi buku lomwe anthu abwereka kwambiri chiyambire.

Ine ana anga anabadwira konkuno ndipo sinowo ya kuno mawa lake imakhala matope okhaokha, ya m'bukumo ndi yokongola kuposa yeniyeni.

Aphunzitsi Opuma:
Pa nkhani ya dzina ija mayi, Baibulo lathu lakale limati matalala, paja pa Yesaya 1:18 pomwe akunena za kuyera, pomwe mabuku ena amati chipale chofewa. Koma matalala athu ndi olimba, amaboola fodya m'munda ndi kusokosa pa malata, sinowo imagwa mwakachetechete ngati thonje. Ine ndimangoti sinowo, mwana adzakumana nalo liwulo kusukulu. Chipale chofewa mukamuuza aziganiza za phale la mphika.

Koma matalalawo ndiye njira yanu. Tonsefe tili ana mvula ya matalala ikagwa timathamangira panja kukatola, ena kuika mkamwa ena kubisa m'thumba, pofika pakhonde dzanja lanyowa basi. Ndi zomwezo zomuchitikira Peter. Dikirani mvula yoyamba.

MakeTada:
Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali, amayi amatikalipira kuti mudwala chimfine inu! Za firizesi ndiyesa Loweruka.

Nachisale_Leeds:
Lina loti muwatume achemwali ndi The Snowman la Raymond Briggs, la 1978, kuno ku UK palibe mwana wosalidziwa chifukwa anapanga katuni yake 1982 ndipo TV ya Channel 4 imaionetsa nyengo ya Khrisimasi chaka ndi chaka. Ubwino wake mulibe mawu olo amodzi, zithunzi zokhazokha za pensulo zamitundu, ndiye mutha kumamufotokozera mu Chichewa mmene mukufunira, kapena iyeyo azikufotokozerani. Chenjezo lokha, kumapeto mnyamata amadzuka m'mawa nkupeza chidole cha sinowo chomwe anaumba chasungunuka, pangotsala chipewa ndi sikafu pansi. Mwana amene akulirira kampira ka m'thumba ameneyo, mwina dikirani akule kaye pang'ono. Wanga analira mpaka kukana chakudya.

Chikomeni Joni:
Ine sindidziwa za mabuku koma July 2023 kuno ku Johannesburg inagwa sinowo, anthu amati anaiona komaliza 2012. Tinasiya ntchito tonse kutuluka panja, madoda a ndevu zawo kumaitola pa galasi la galimoto kujambula mavidiyo otumiza kumudzi. Mnzanga wina wa ku Mzimba anaika mu lanchi bokosi kuti akawaonetse akazi ake kunyumba madzulo. Musafunse zomwe anakafika nazo.

MakeTada:
Kikikiki achimwene mwandipha, ndiye mwana wanga ndimulekerere, akuluakulu omwe akupusitsidwa. The Snowman ndiwauza agule koma ndilibisa kaye pamwamba pa wodilopu.