Funso: ndalama za kalabu tingazisunge ku positi ofesi ngati kale?

Moni nonse a pagulu pano. A admin chonde ivomerezeni, ndi yayitali pang'ono koma ndikufuna nzeru zanu.

Ndine msungichuma wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Ntcheu, dera la Lizulu, kufupi ndi malire a Mozambique. Ambiri mwa ife ndi amayi. Timagulitsa pamodzi kuti mavenda asatidyere masuku pamutu, ndipo tikagulitsa timapatula ndalama ya mbewu ndi feteleza wa ulimi wotsatira. Mutu ukundipweteka ndi ndalama yopatulayo. Imakhala m'bokosi lija la banki mkhonde la maloko atatu. Makiyi ali kwa anthu atatu, inde, koma bokosilo limagona m'nyumba mwanga, ndipo mudzi wonse umaona tsiku limene lole yanyamula matumba. Nyengo imeneyi galu akangouwa usiku, ine tulo tatha.

Mundiuza kuti pitani ku banki. Banki ili ku boma. Kabaza mpaka pamsewu wa M1, kenako minibasi, ndipo osayinira ayenera kupita onse, aliyense thiransipoti yake, tsiku la kumunda latayika. Mundiuzanso za pafoni. Timagwiritsa ntchito, sitikukana, koma tsiku la msika mukafika kwa ajenti ndi ndalama yochuluka amangopukusa mutu kuti float, ndalama yake yogwirira ntchito, yatha. Komanso simu khadi imakhala m'dzina la munthu mmodzi. Atamwalira, kapena atamupusitsa akuba oimba foni aja, gulu lidzagwira ndani?

Pomwe pa tredingi senta yathu pali positi ofesi, ulendo wapansi basi. Amayi achikulire a m'kalabu akundiumiriza kuti ndikatsegule "buku la ku positi". Akuti kale munthu ankapita ndi kabuku kake, kalaliki n'kulemba ndalama, n'kudinda chidindo, iwe n'kubwerera kwanu mtima uli m'malo. Kodi zimenezi zikadalipo? Ngati zinatha, tingadandaule kwa yani kuti zibwerere? Ndipo padakali pano bokosili ndilitani?

Bambo wina amene anagwirapo ntchito ya positi: Mayi, akuluakulu anuwo sakunama. Inalipo Post Office Savings Bank, ndipo anthu akumudzi ambiri anayamba kusunga ndalama kudzera m'kabuku kameneko. Mu 1994 inasanduka banki payokha, Malawi Savings Bank, ndipo mu 2015 boma linaigulitsa ku banki ya FDH. Choncho buku lija silili m'manja mwa positi. Bungwe la Malawi Posts Corporation linatsala ndi makalata, katundu ndi kutumiza ndalama, monga Fast Cash. Kutumiza ndi kusunga n'zosiyana: kuti munthu asunge ndalama za anthu pafunika chilolezo cha Reserve Bank. Chimene ndingakulangizeni, pitani mukaonane ndi a positimasitala maso ndi maso, mukafunse ntchito za ndalama zimene zikuchitika pa ofesi yawoyo panopa, makamaka ngati pali banki imene ikugwira nawo ntchito. Ine zimandiwawa ndikamaona nyumba zolimba, za sefa ndi kauntala, zili m'madera amene banki sinafikeko, koma anthu akugona ndi ndalama kunsi kwa mphasa.

Mnyamata wina wa ku Dedza boma: Amayi, ndi ulemu wonse, za positi iwalani. Ndani akulemba kalata masiku ano? Airtel Money ndi Mpamba zafika mpaka ku Mayani ndi ku Lobi. Vuto la float mungolikonza pouza ajenti dzulo lake kuti mubwera ndi zingati.

Mwini funso: Achimwene, zikomo, koma simunandiyankhe za dzina limodzi lija. Ndalama si yanga ayi, ndi ya amayi ambiri, ena sadziwa kuwerenga uthenga wa pafoni. Chimene amakhulupirira ndi pepala lodindidwa limene angaonetse mwana wawo wa kusukulu awawerengere.

Mphunzitsi wa ku Bembeke: Ndikugwirizana ndi mayiwa, ndipo mnyamata wanena kuti positi inatha aone zimene anachita anzathu. Ku India kuli mapositi ofesi oposa 150,000, ochuluka ali kumidzi. Mu 2018 anakhazikitsa India Post Payments Bank, ndipo wonyamula makalata amayenda ndi foni ndi kamakina kodinda chala, munthu n'kuika kapena kutapa ndalama pakhomo pake. Ku Brazil anachita mwina: mu 2002 banki ya Bradesco inayamba kugwira ntchito pa makauntala a positi, dzina lake Banco Postal, moti matauni ang'onoang'ono opanda nthambi ya banki anathandizika. Ku Morocco kuli Al Barid Bank kuyambira 2010. Njira ya ku Brazil ndi imene ndikuona kuti ingatikwanire kuno, chifukwa positi siyenera kusanduka banki. Banki ibweretse chilolezo ndi makina, positi ipereke nyumba, sefa ndi wantchito amene anthu amamudziwa nkhope. Koma tisanamizane, pafunika magetsi kapena sola, netiweki yodalirika ndi galimoto yobweretsa ndalama, apo ayi mawu aja akuti float yatha adzangosamukira ku positi.

Mayi wina wogulitsa tomato: Ine langa ndi limodzi. Kaya ndi bokosi, kaya banki, kaya positi, ndalama yongogona imasungunuka. Mwaiwala November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Amene anasunga ya matumba khumi a feteleza anakagula ochepa. Gulani feteleza mukangogulitsa mbatata, musunge matumba osati makwacha.

Mwini funso: Achemwali, mfundo imeneyo ndi yoona ndipo gawo lina timatero. Koma ya mbewu, ya mankhwala a chiwawu ndi ya aganyu siingagulidwiretu, imafunika mvula ikagwa. Ndiyo ikundisowetsa mtendere.

Bambo wina wa za makopaletivi: Mayi msungichuma, zigaweni pawiri. Za lero: tsegulani akaunti ya gulu, osati ya munthu. Nthawi zambiri amafuna malamulo a kalabu olembedwa, maminitsi a msonkhano umene munasankha osayinira, ziphaso za unzika za osayinirawo ndi kalata yokuchitirani umboni, monga ya mfumu kapena ya alangizi a zaulimi. Musanasankhe banki funsani zinthu ziwiri: ili ndi ajenti pafupi nanu amene angalandire ndalama zoika mu akaunti ya gulu, ndipo imadula zingati pamwezi. Mukatero ulendo wa ku boma ndi wotsegulira ndi wokatapa basi, kuika mukuikira kwanuko, risiti n'kumata m'buku la kalabu aliyense aone. Funsaninso za SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, ya m'dera lanu. Za mawa: nkhani ya positi musaisiye. Ilembeni, idutse ku VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) ndi ku ADC (komiti ya chitukuko cha dera), a khansala ndi a phungu alandire makope. Kalabu imodzi sangaimve, koma mukaphatikiza a tomato, a kabichi ndi magulu a banki mkhonde a ku Tsangano ndi Biriwiri, ikhala nkhani.

Mwini funso: Zikomo kwambiri bambo, ndalemba zonse m'kope. Malamulo a kalabu tili nawo koma ndi olemba pamanja m'Chichewa. Kodi ku banki amalandira otero, kapena tikatayipitse? Ndipo a ku Tsangano amene muli pagulu pano, ndani angandilumikizitse ndi makomiti anu kuti kalata ya positiyo tilembere limodzi msonkhano wa ADC usanafike?