Mahedifoni a DT 770 a 250 ohm pa kompyuta ya pa desiki: mawu ndi otsika, phokoso silikuchoka

Mkonzi wa ku Dedza: Akuluakulu, ndithandizeni, chifukwa pulogalamu ya ulimi ikuyenera kuuluka Lachisanu ndipo ndatha masiku awiri ndikulimbana ndi phokoso. Alamu anga anandibweretsera mahedifoni a DT 770 Pro a 250 ohm kuchokera ku Johannesburg, koma ndikawalumikiza ku jaki ya kutsogolo kwa kompyuta, mawu akumveka motsika ngakhale voliyumu ili pa 100, ndipo pansi pake pali kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu, komwe kumakula ndikasuntha mausi. Dzulo ndinayendetsa noise reduction (chochotsera phokoso) kawiri mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, ndisanazindikire kuti phokosolo mulibe mu fayilo, moti mlimi wanga tsopano akumveka ngati akulankhulira m'chitini. Ndalama zomwe ndili nazo ndi K120,000 basi. Ndigule interface (kabokosi ka USB kolumikizira maiki ndi mahedifoni ku kompyuta), kapena ndigulitse mahedifoniwa?

Injiniya wopuma: Achimwene, musagule kanthu musanayeze earth (waya wotetezera wopita m'nthaka) ya soketi yanu. Pa zaka zomwe ndinagwira ntchito m'masitudiyo, phokoso lambiri lomwe anthu ankanamizira zipangizo linali la waya wa earth womasuka kapena wosalumikizidwa n'komwe. Itanani munthu wa magetsi ayeze.

Mayi wa zokuzira mawu: Bambo, ndi ulemu wonse, phokoso la earth ndi mkokomo wa pansi wa 50 Hz, wofanana ndi kayendedwe ka magetsi athu, ndipo silisamala za mausi. Chomwe achimwene akufotokoza chimachokera mkati mwa bokosi la kompyuta, popeza waya wopita ku jaki ya kutsogolo umadutsa pafupi ndi power supply ndi graphics card, ndipo nthawi zambiri sukhala wotetezedwa bwino. Achimwene, yambani ndi jaki yobiriwira ya kumbuyo, yomwe ili pa motherboard penipeni, chifukwa zimenezo sizikudyerani ngakhale tambala imodzi. Ndikuganizanso kuti phokosolo linalipo kuyambira kale, kungoti mahedifoni anu akale ankalowetsa phokoso la m'chipinda lomwe linkaliphimba, pomwe DT 770 imatseka makutu.

Mkonzi wa ku Dedza: Zikomo mayi. Ndayesa kumbuyo ndipo udzudzu wachepa kwambiri, koma sunathe, komanso mawu akadali otsika.

Wojambula nyimbo ku Ndirande: Kutsika kwa mawu ndi nkhani ya mavoti a magetsi (V) omwe jaki imatulutsa. DT 770 ya 250 ohm imatulutsa pafupifupi 96 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu) pa mphamvu ya magetsi ya 1 mW, ndipo kuti ilandire 1 mW imafuna 0.5 V, mukaipatsa 1 V imalandira 4 mW, zomwe ndi pafupifupi 102 dB. Pa ndalama zanuzo, ine ndingayambe ndi kawaya ka Apple kochokera ku USB-C kupita ku 3.5 mm, komwe ku America kamagulitsidwa madola 9 ndipo kamagwira ntchito pa Windows, chifukwa kamatulutsa mawu kunja kwa bokosi la phokoso lija. Koma chenjerani, popeza kali mitundu iwiri: ka ku America, A2049, kamafika 1 V, pomwe ka ku Ulaya, A2155, kanachepetsedwa kufika pafupifupi 0.5 V, ndipo pa mawu a m'munda omwe simunawakweze kangakukhumudwitseni. Ngati kompyuta yanu ilibe USB-C mufunikanso adaputala yolola deta, osati ya chaja yokha.

Injiniya wopuma: Kawaya kameneko kadzatenganso magetsi ku kompyuta yomweyo, yomwe yalumikizidwa ku soketi yomweyo. Yezani earth.

Mlongo wa nkhani za m'maboma: Pa za kugula, samalani ndi zinthu zonamizira. Ine ndinagula mahedifoni olembedwa MDR-7506 kwa wamalonda wina m'tauni pa mtengo womwe unayenera kundichenjeza. Bokosi linali lokongola, koma patapita milungu itatu khutu lakumanzere linayamba kunjenjemera pa mawu a amuna, ndipo nditayerekeza ndi enieni a mnzanga ndinapeza kuti anga anali ndi besi yonenepa yomwe inkandichititsa kudula mawu a pansi pa nkhani iliyonse. Kwa miyezi iwiri mkulu wa mapulogalamu ankandifunsa chifukwa chomwe anthu anga onse ankamvekera ngati ali pa foni. Tiwaya ta Apple tonamizira nato tadzaza, choncho musalipire musanayese ndi mahedifoni anu omwe.

Wojambula nyimbo ku Ndirande: Zoona achemwali. Ndiwonjezere kuti interface yotsika mtengo si mankhwala a zonse. Zambiri zimatenga 5 V ya USB yokha, ndipo wopanga amaika mtima pa preamp (chokuzira mawu) ya maiki ndi phantom ya 48 V (magetsi opatsa maiki), pomwe mbali ya mahedifoni imatsala yofooka. Ngati simujambula ndi maiki ya XLR (ya pulagi ya mapini atatu) pa kompyutapo, mudzalipirira zinthu zomwe simudzazigwiritsa ntchito. Musathamangirenso kusintha ndi DT 770 ya 32 ohm. Lamulo lomwe ambiri timatsata ndi loti output impedance, kutanthauza ma ohm a jaki yotulutsa mawu, isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoni, kutanthauza kuti ya 250 ohm imapirira mpaka pafupifupi 31 ohm, koma ya 32 ohm imafuna 4 ohm kapena kuchepera, ndipo majaki ambiri a makompyuta ali pamwamba pa pamenepo. Mawu adzakwera, koma besi idzasintha ndipo udzudzu udzamveka kwambiri.

Injiniya wopuma: Ana inu mumakonda manambala. Ine ndikungonena kuti kompyuta yopanda earth yabwino imatha kubweretsa phokoso la mtundu uliwonse, makamaka ikamayendera inverter yotsika mtengo magetsi akazima. Achimwene sanatiuze ngati phokosolo limasintha akakhala pa inverter kapena pa jenereta.

Mayi wa zokuzira mawu: Funso la inverter ndi labwino, bambo, ndipo ndikuvomereza. Koma achimwene, wina akakuuzani kuti muthyole mwendo wa earth pa pulagi kuti mkokomo uthe, mukane. Mnyamata wina anachita zimenezo pa mixer ya kutchalitchi kwathu, mkokomo unathadi, koma Lamulungu lotsatira mtsogoleri wa kwaya atagunditsa mlomo pa maiki analumpha mpaka kugwetsa sitandi. Komanso mukapeza chokuzira champhamvu, musamakhale pa voliyumu ya pamwamba tsiku lonse. Malire omwe akatswiri a zaumoyo wa pantchito amalangiza ndi 85 dB kwa maola 8, ndipo mukakweza ndi 3 dB yokha, nthawiyo imatsika kufika maola 4.

Mlongo wa nkhani za m'maboma: Achimwene a ku Dedza, kodi fayilo yoyamba ija, yomwe simunaiyendetse noise reduction, mudakali nayo mu rekoda?

Injiniya wopuma: Ngakhale fayilo ilipo, soketi ija iyezedwe Lachisanu lisanafike.