Tagine ya nkhuku yandituluka ngati supu, ndalakwitsa pati?

Make_Mapasa:
Abale ndithandizeni. Mwezi watha tinakadya kwa anzathu ena, mkazi wawo ndi wa ku Morocco, anatiphikira nkhuku yomwe anati ndi tagine, eee ine mpaka lero fungo lake silinandichoke m'mphuno. Nyama yofewa yoti ukangoigwira ikusiyana yokha ndi fupa, kamsuzi kachikasu kogwirana bwino, muli maolivi ndi tizidutswa ta khungu la ndimu. Loweruka ndati nanenso ndiyese. Ndinakazinga nkhuku ya broiler ndi anyezi mmodzi, ndinathira tameriki ndi jinja, madzi makapu atatu, kenako ndinadulira ndimu wathunthu momwemo n'kusiya pa hotplate. Zomwe zinatuluka ndi madzi okhaokha komanso zowawa ngati ndathira mankhwala a malungo. Bambo akunyumba anangodya mwaulemu osayankhula, ana ndiye anakaniratu. Poto weniweni uja wa chivindikiro chosongoka ndilibe, kodi vuto ndi limenelo?

Wa_ku_Rabat_kale:
Asisi, poto si amene wakulakwirani, madzi ndi ndimuyo ndi zomwe zakugwetsani. Ine ndinakhalako ku Rabat, likulu la Morocco, pa sukulu ndipo mayi yemwe tinkachita lendi kwawo ndi amene anandiphunzitsa, tsiku loyamba nditatenga jagi ya madzi anandilanda m'manja akuseka. Tagine safuna madzi ambiri, theka la kapu lakwana pa nkhuku yonse. Msuzi umachokera mu anyezi. Inu munaika mmodzi, iwo amaika atatu kapena anayi akuluakulu, ena owaza bwinobwino ena opala pa gireta, amayala pansi pa poto nkhuku n'kukhala pamwamba. Anyeziyo akamasungunuka pa moto wochepa amatulutsa madzi ake, nkhuku nayo imatulutsa ake, pomaliza zonse zimasanduka kamsuzi kogwirana kaja kamene iwo amati daghmira. Anthu patebulo amalimbirana kameneko kuposa nyama.

Dzina loti tagine ndi la mphikawo komanso la chakudyacho. Chivindikiro chosongoka chija ntchito yake ndi yoti nthunzi ikakwera izizire kumtunda n'kutsikiranso m'ndiwo, basi. Ndiye poto wina aliyense wochindikala pansi wokhala ndi chivindikiro chotseka bwino agwira ntchito yomweyo. Kumizinda mabanja ambiri ndinkawaona akuphikira mu pressure cooker kapena poto wamba, mphika wadothi n'kungopakuliramo alendo akabwera kkkk.

Za ndimu tsopano. Ija munadya kwa anzanu si ndimu yothyola lero, ndi yosungidwa mu mchere. Mumatenga mandimu otsuka bwino, kuwang'amba panayi koma osadula mpaka pansi, kudzaza mchere m'ming'alumo, kuwapanikiza mu botolo lagalasi loyera n'kuthira madzi a mandimu ena mpaka onse amire. Tsekani, muiwale kwa mwezi. Khungu limafewa, kuwawa kuja kumatha, kumatsala kafungo kena kake kosafotokozeka. Pophika mumatsuka, kuchotsa zam'kati, n'kugwiritsa khungu lokha. Ndimu yaiwisi ikawira nthawi yayitali choyera chija cha pansi pa khungu ndi nthanga zake zimawawitsa msuzi wonse, ndi zomwe zakuchitikirani.

Zokometsera zake si zambiri ayi: jinja wa ufa, tameriki, tsabola wakuda, adyo, dhania ndi pasile, safuroni pang'ono ngati thumba likulola. Pakani nkhuku usiku igone mu firiji. Mchere samalani nawo chifukwa ndimu ndi maolivi abwera ndi wawo, ndipo ziwirizi zimalowa kwatsala mphindi 15 kuti muphule.

Gogo_wa_Mbaula:
Zonse wanena mwanayu ndi zoona koma ine ndikuwonjezerapo, siyani broiler. Nkhuku ya masabata sikisi ija ikakhala pamoto ola limodzi yatha kale, kupitirira apo imangonyenyeka ngati usipa wonyowa. Kuphika kodekha kotere kumafuna nkhuku ya chikuda, makamaka thadzi loti lasiya kuikira, lija timalidandaula kuti ndi lolimba. Limenelo mukalipatsa maola awiri kapena atatu pa makala ochepa mudzandiuza. Ine ndimaphikira mu mphika wadothi womwe ndimaphikira nyemba, mbale yachitsulo pamwamba ndi mwala, makala ndimawasiya ayambe achita phulusa kaye. Musamve kubwata kwa phokoso, muzingomva kuti tho... tho... patalipatali. Ndipo musamavundukule pafupipafupi ngati mukudikira mlendo, nthunzi mukuthawitsayo ndiye msuzi wanu.

Wa_ku_Rabat_kale:
Agogo mwalasa. Ku Morocco nakonso amaphikira pa kambaula kadothi kotchedwa mejmar, m'misewu ya ku Marrakech masana mumaona timiphika tandandalika pa makala. Ndipo nkhuku ya kumudzi amati beldi, imadula kuposa ya pafamu ngati kwathu kuno.

Mjomba_Leicester:
Ine ndingochenjeza amene akufuna kugula mphika weniweniwo. Ndinagula wanga kuno, wokongola wa maluwamaluwa, ndafika nawo kunyumba ndauika pa kuka ya magetsi moto wonse, sipanathe mphindi khumi ndinangomva kuti thaa! wang'ambika pakati, mafuta ndi anyezi mbwee pa kuka ponse, alamu ya utsi kulira, madam kundiyang'ana osanena kanthu. Kenako ndi pomwe ndinamva kuti yopakidwa maluwa ija yambiri ndi yopakuliramo chabe. Wophikira amakhala wosakongoletsa, ukakhala watsopano umayamba wauviika m'madzi usiku wonse, kuupaka mafuta, ndipo pa magetsi kapena gasi pamafunika kachitsulo pakati kuti moto usaumenye mwachindunji. Ukatentha osathiramo madzi ozizira. Panopa ndimangogwiritsa poto wachitsulo wolemera uja, nkhani inatha.

China, mukakhala ndi mnzanu wa ku Tunisia akakuitanirani tajine musayembekezere zomwezi, kwawo dzinali ndi la chakudya cha mazira chowotcha mu uvuni chodula ngati keke. Ine ndinapita ndi njala ya msuzi.

Achimwene_Bho:
Funso langa ndi limodzi, nsima ikulowa pati apa? Chifukwa ngati palibe nsima ine ndiye kuti sindinadye, ndangolawa.

Wa_ku_Rabat_kale:
Kkkk achimwene, eni ake amadyera buledi wawo wozungulira wotchedwa khobz, onse mbale imodzi, kunyema ndi dzanja lamanja n'kumasunsa mbali yomwe yayang'ana iwe, kulowerera mbali ya mnzako ndi mwano. Couscous, timibulu ta ufa wa tirigu tophikidwa ndi nthunzi, yomwe anthu amaganiza kuti imayendera limodzi ndi tagine ndi chakudya china pachokha, kawirikawiri cha Lachisanu akachoka ku mzikiti. Koma ine chibwerereni ndadyera nsima kangapo ndipo sindinamangidwe. Chokhacho kamsuzi kamachepa, mitanda iwiri katha. Ndi Kilombero ndiye zimakhala bwino kwambiri.

Make_Mapasa:
Zikomo nonse, ndaona kuti ndinaphika madzi osati nkhuku. Mandimu ndaika kale m'botolo la mayonesi madzulo ano, asanu a pa mtengo wa kuseri. Koma apongozi akubwera Lamulungu likudzali, mwezi sindingadikire, pali njira yachidule? Komanso maolivi ndawapeza obiriwira okha a m'botolo.

Wa_ku_Rabat_kale:
Obiriwirawo ali bwino, muwatsuke kaye kapena muwawiritse mphindi zochepa mchere uchepe. Za ndimu, sendani chachikasu chokha cha pamwamba osatengako choyera, muwiritse m'madzi a mchere wambiri mpaka chifewe, mwina theka la ola, mutaye madziwo. Sichifika pa cha mwezi koma apongozi sadziwa. Mukaona pomaliza msuzi wachulukabe, chotsani nkhuku muike pambali, vundukulani poto anyezi atokote yekha mukutakasa mpaka mafuta ayambe kuoneka m'mbali, kenako bwezerani nyama. Botolo lanulo muzilisuzumira masiku oyambawa, ndimu ikayandama pamwamba imachita nkhungu, ikanikizeni ndi supuni yoyera.