Kodi ndipitirire ku Potosí kapena nditsikire kaye ku Sucre?

Abale ndi alongo amene munayendapo m'dziko la Bolivia, ndikupempha malangizo anu. Ndinafika mumzinda wa La Paz masiku atatu apitawo ndili ndi chikwama changa kumsana, ndipo ngakhale kuti mzindawu wandigwira mtima, makamaka ngolo zoyenda pa zingwe m'mwamba za Mi Teleférico zimene zimakweza anthu kupita ku El Alto, thupi langa silikugwirizana ndi malo ano. Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 3,600, kuposa nsonga ya Sapitwa ya paphiri la Mulanje imene ndinkaiona ngati yosayerekezeka. Mutu ukundiwawa, usiku tulo sitikubwera, ndipo ndikakwera masitepe ochepa chabe ndimapuma mwawefuwefu. Eni dziko amati vutoli ndi soroche, ndipo tiyi wa masamba a coca amene akundipatsa akungothandiza pang'ono.

Ndinakonza zokwera basi kupita ku Potosí, koma kumeneko n'kokwera kwambiri, mamita pafupifupi 4,000. Kodi si bwino nditsikire kaye ku Sucre, komwe ndi mamita pafupifupi 2,800, kuti thupi lipumule ndisanapite kuchigwa cha mchere cha Uyuni? Nanga inuyo panatenga masiku angati kuti muyambe kupeza bwino?