Gulu langa la pa Facebook lingandilipirire lendi kuno ku Joni, kapena ndikulota masana?

Bambo a Tamanda, Mayfair

Moni nonse, a kuno ndi akumudzi omwe. Pali nkhani yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano.

Ine ndimaphika mu lesitilanti ina ku Fordsburg, chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri. Mu 2019 ndinatsegula gulu pa Facebook, poyamba la anyamata akwathu ku Balaka basi, kuti tizidziwitsana za maliro. Lero muli anthu 41,000. Zoyenda m'menemo mukuzidziwa kale: uyu akufuna chipinda ku Turffontein, uyu wataya pasipoti pa Park Station, uyu akufunsa kuti basi yodzera pa Dedza inyamuka liti. Ndikaweruka cha m'ma 10 usiku, manja akununkhabe anyezi ndi masala, ndimakhala pa bedi mpaka 1 koloko kuvomereza zimene anthu alemba, kuchotsa otukwana ndi akuba aja a "tumizani R500 mulandire R5,000". Mayi a Tamanda amati ndinakwatira foni, iwo ndi mkazi wachiwiri. Zaka zonsezi sindinatolepo ngakhale R1, data ndimagula ndekha.

Tsono mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina wodziwa za makompyuta, akuti ndikufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Akuti andipangire webusaiti ya nkhani za Amalawi a ku Joni pa R7,500, hosting (malo osungira tsambalo pa intaneti) ya chaka chimodzi ili momwemo, kenako tiikepo zotsatsa malonda za Google AdSense, anthu a m'gulu aja ndiziwalozera kumeneko. Anandionetsa pa foni yake chithunzi cha akaunti yolembedwa madola 2,000 pa mwezi. Ya ndani, sananene.

Mu December ndi nthawi yanga yolandira chipereganyu, R9,000. Inali ya malata a nyumba yanga ku Balaka, imene yadutsa dzinja ziwiri ili pa lintala. Ndikuganizanso zosiya shifiti ya Loweruka ndi Lamlungu kuti ndizipeza nthawi yolemba, zomwe zidzachotsa pafupifupi R1,800 pa malipiro anga. Lendi yathu ndi R4,500. Alipo pano amene anadyapo ndalama ya zotsatsazi ndi pakamwa pake? Osati zongomva, koma amene anaiona ikulowa ku banki.

Yamikani, Randburg

Achimwene, ine ndinaidyapo, koma ndi ndalama yoti mukaiona mumaseka nokha. Ndinayendetsa tsamba la nkhani za mpira wakumudzi zaka zitatu, ndiye ndikuuzeni mmene zilili musanapereke khobidi.

Choyamba mumufunse mnyamatayo funso limodzi: tsambalo lidzalembedwa m'chiyankhulo chanji? AdSense ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zimene imavomereza, ndipo Chichewa mulibe. Tsamba likakhala la Chichewa chokhachokha, akhoza kukukanirani pakhomo pomwe. Mukati mulembe Chingerezi kuti akuvomereni, anthu anu aja amene amabwera chifukwa mumawayankhula chakwawo muwataya, ndipo mukapikisana ndi manyuzipepala okhala ndi atolankhani olipidwa, inu muli nokha ndi foni 1 koloko usiku.

Tiyerekeze akuvomerani. Ndalama yake imawerengedwa pa anthu 1,000 aliwonse amene atsegula tsamba, ndipo mtengo wake sukhazikika, ndi msika wa okishoni. Makampani amapikisana kugula maso a munthu amene akuganiza kuti ali ndi ndalama m'thumba. Woyang'ana inshuwalansi ya galimoto ali ku Sandton maso ake ndi odula. Mnyamata wa ku Ndirande wofuna kudziwa ngati Bullets yawina, maso ake ndi a bonya. Pa tsamba langa, owerenga ali kuno ankandipatsa cha m'ma R15 pa 1,000, akumudzi R3 kapena kucheperapo. Tengani R15 yabwinoyo: kuti mupeze lendi yanu ya R4,500 pafunika tsamba litsegulidwe ka 300,000 mwezi uliwonse, osaphonya. Mwezi wanga wabwino koposa ndinafika 62,000, ndipo unali wa fainolo.

Musanamizidwe ndi 41,000 ija. Ambiri mwa iwo, makamaka akumudzi, amagula bandulo ya Facebook ndi WhatsApp yokha. Akadina linki yopita kunja, foni imangozungulira osatsegula, basi abwerera. Ena analowa m'gulu tsiku limodzi la maliro a m'bale wawo, sanabwerenso.

Kulandira kwake nakonso ndi ulendo. Samakupatsani mpaka zitakwana madola 100 kapena mlingo wake m'ndalama ya dziko lanu. Pasanafike pamenepo amafuna chiphaso chanu, ndipo amatumiza PIN pa kalata ya papositi ku adiresi yanu. Ine ndinkakhala mu fulati yopanda bokosi la makalata, ndinachita kupempha adiresi ya abusa. Pafunikanso akaunti ya ku banki ya dzina lanu, ndiye amene mapepala awo sali bwino aganizirepo.

Chimene chinandipha ine ndi chikondi cha abale. Kampani ina ya zotsatsa imene ndinayamba nayo inanditsekera akaunti muli R2,300 chifukwa asuweni anga awiri, pofuna kundithandiza, ankadina zotsatsazo m'mawa ndi madzulo pa Wi-Fi ya nyumba imodzi. Makina awo amaona zimenezo msanga, ndipo palibe munthu woti mukamugwadire. Inu muli ndi anthu 41,000 okukondani. Tsiku limene wina adzalembe m'gulu kuti "tiyeni tidine tithandize adimini", ndiye kwatha.

Alipo makampani ena ang'onoang'ono osasankha chiyankhulo. Ndinawayesa sabata ziwiri. Munthu akatsegula nkhani ya Wanderers, kukutumphukira za juga, mankhwala a mphamvu za abambo ndi atsikana osavala. Tangoganizani zimenezo pambali pa uthenga wa maliro.

Anaphiri, Rosettenville

Bambo a Tamanda, ine za ma Google sindizidziwa, koma ndikuyankheni ngati munthu amene amalipira kutsatsa. Ndimagulitsa ufa woyera, usipa, nyemba za ku Dedza, mpunga wa kilombero ndi zitenje. Pali magulu awiri a WhatsApp kumene ndimapereka R100 pa sabata kuti adimini aziika chithunzi cha katundu wanga Lachisanu, anthu atalandira. Ndipo imabwerera. Sabata imene usipa wafika ndikaika, pofika Lamlungu thumba latha. Anthu anuwo kwa azungu otsatsa mwina ndi a bonya monga akunenera achimwenewa, koma kwa ine ndi makasitomala enieni. Kwa atransipota chimodzimodzi, kwa osoka, kwa oluka tsitsi, kwa a masosayite a maliro. Bwanji mukufuna kukapempha kutali pamene ogula ali pakhomo?

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa ndinaona ndi maso angawa. Adimini wa gulu lina kuno kwathu analandira R600 kwa transipota wina watsopano, naika uthenga wake pamwamba mwezi wathunthu: galimoto ndi ngolo, kunyamuka pa 15, mitengo yotsika. Anthu anapereka mafiriji, njinga, ma solar, mayi wina makina ake osokera awiri. Galimoto inanyamukadi. Mpaka lero sinafike pa Mwanza, foni ya mwini wake inazima ali ku Musina. Mukuganiza anthu anapita kwa ndani? Lamlungu lake m'mawa anali pa geti pa adimini uja, azimayi khumi ndi angapo, wina atanyamula lisiti m'manja akulira. Iye akuti ine ndinangoika uthenga. Iwo akuti ife tinakhulupirira chifukwa unali pa gulu lako. Anasamuka usiku bambo ameneyo, gulu linafera pomwepo.

Ndiye mukayamba kulandira ndalama, muzidziwa kuti chimene mukugulitsa ndi dzina lanu. Transipota muzimuona nkhope, mudziwe pamene amapakira, mufunse anthu atatu amene katundu wawo anafika. A katapila musawalole ngakhale atabwera ndi R2,000, adzakudanitsani ndi mtundu wonse. Ndipo uthenga wolipidwa muzilemba poyera kuti uwu ndi wolipidwa.

Za kusiya shifiti ndiye ayi. Mayi a Tamanda mwawafunsa?

Madala Nkhoma, Kempton Park

Mwana wanga, ine ndagwira ntchito yosindikiza mabuku ndi timapepala ta malonda kuno kuyambira 1998, ndiye ndaona ambiri akukwera ndi kutsika.

Achinyamata a lero sadziwa Mxit, pulogalamu yotumizirana mauthenga pa foni. Inayambira ku Stellenbosch mu 2005, ndipo panali nthawi imene mwana aliyense wa sukulu m'dziko muno anali nayo pa kafoni ka mabatani. Anthu mamiliyoni, makampani akuluakulu akutsatsa pamenepo. Mafoni amakono ndi WhatsApp zitabwera anthu anasamuka ngati mbalame pa mpunga wokololedwa, ndipo mu 2015 eni ake analengeza kuti bizinesi akuitseka. Mu January 2018 Facebook inasintha kasankhidwe ka zimene anthu amaona, kuika patsogolo za abale ndi abwenzi, ndipo masamba ambiri a nkhani amene ankadalira anthu ochokera kumeneko anauma. Ku America, nyuzipepala ya pa intaneti ya BuzzFeed News inapata mphotho yaikulu ya utolankhani ya Pulitzer mu 2021 koma inatsekedwa mu 2023. Kuno, nyuzipepala ya Daily Maverick inayamba kupempha owerenga kuti azisonkha mwezi ndi mwezi mu 2018, News24 nayo inayamba kulipiritsa mu 2020. Amenewo ali ndi owerenga ochuluka kuposa ife tonse, ali ndi anthu olembedwa ntchito yongofunafuna otsatsa, koma anaona kuti zotsatsa zokha sizikukwanira. Gawo lalikulu la ndalama yotsatsira pa intaneti limathera kwa Google ndi Meta, eni ake a Facebook, enafe timatola zogwa pansi.

Gulu lakolo uziliona ngati munda wobwereka. Zotsatsa zimene anthu ako amaona akamayenda pa Facebook, ndalama yake imapita kwa mwini munda, iwe wolima ulibe gawo. Ndipo angathe kulitseka mawa chifukwa cha chithunzi chimodzi choikidwa ndi munthu wina iwe uli pa mbaula ku Fordsburg. Mnyamata wako pamenepa sakunama, kukhala ndi pako n'kwabwino. Koma pako sipafuna R7,500. Domain ya .co.za, kutanthauza adiresi ya tsamba lako pa intaneti, ndi ndalama yochepa pa chaka, yosafika ndi pa thumba la ufa la Anaphiri. Chofunika kwambiri ndi manambala a anthu amene avomera okha kuti uziwatumizira uthenga, kuti gulu likadzatsekedwa udzadziwe kowapeza. Uwapemphe kaye, chifukwa lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, likugwira ntchito mokwanira kuyambira 2021 ndipo silisewera ndi manambala a anthu.

Za madola 2,000 zija, umuuze atsegule akauntiyo pamaso pako, alowe ndi pasiwedi yake, akuonetse dzina la tsamba. Chithunzi ngakhale mdzukulu wanga angakupangire.

Bambo a Tamanda, Mayfair

Zikomo nonse, mwandilasa koma mwandithandiza. Achimwene a ku Randburg, dzulo ndinayesa. Ndinaika m'gulu linki ya nkhani ina ya mitengo ya mabasi yomwe ili pa tsamba la kunja, n'kupempha kuti amene watsegula alembe "ndaona". Tsiku lonse analemba anthu 212. Ena 30 analemba kuti "adimini tangokoperani pompano, bandulo yanga siyitsegula". Madzulo ake ndinaika chithunzi cha bambo wina wa ku Mangochi amene abale ake akumufunafuna, pofika m'mawa chinali chitagawidwa ka 900.

Mnyamata uja ndinamufunsa za Chichewa. Anayamba wakhala chete, kenako akuti tidzalemba Chingerezi n'kumasakaniza. Za akaunti ija akuti ndi ya mnzake wa ku Nigeria, pasiwedi alibe. Sindinakangane naye, ndi mwana wa kwathu, ndangomuuza kuti ndiganize kaye.

Anaphiri, funso lanu lija ndalimva. Mayi a Tamanda ndinawafunsa usiku. Sanayankhe, anangotenga foni yawo n'kundionetsa chithunzi cha nyumba ija ku Balaka, udzu utamera m'chipinda chochezera. Shifiti sindisiya, malata ndigula.

Koma za otsatsa apakhomo zandigwira mtima, ngakhale nkhani ya transipota uja yandiopsa, chifukwa amene amandivutitsa ku inbox tsiku ndi tsiku ndi iwowo. Ndikuganiza zoyamba ndi anthu anayi okha amene ndimawadziwa pamaso, Lachisanu lokha, uthenga wa maliro ndi wa osowa ukhalebe waulere monga kale. Chondivuta ndi mtengo. Ndikati R100 ngati magulu a WhatsApp aja, kodi sindikudzigulitsa motchipa poti kwanga kuli anthu ambiri? Nanga anthu akadzayamba kunena kuti adimini walowa dyera?

Anaphiri, Rosettenville

Adzanena ndithu, ngakhale mutaika yaulere amanena kale. Yambani ndi R150. Ine ndikhala woyamba, koma sabata yoyamba mundichotsere ikhale R120 poti nzeru ndakupatsani ndine. Usipa ukufika Lachinayi pa basi ya m'mawa, ndikutumizirani chithunzi ndikangomasula thumba.