Gulu la banja: ulendo wa Mayi wa ku Santiago

Achimwene (Leeds): Moni nonse. Mayi atsimikiza kuti akufuna kukafika wapansi kumanda a Yakobo Woyera ku Santiago de Compostela, ku Spain. Ndiye tigwirizane msanga. Tiyambire ku Sarria, ndi makilomita pafupifupi 115. Satifiketi ija amaitcha Compostela amapatsa amene wayenda wapansi makilomita 100 omaliza, n'chifukwa chake anthu ambiri amayambira pamenepo.

Azakhali (Zomba): Masiku angati mwanangu? Achemwali angawa si mtsikananso ayi.

Achimwene (Leeds): Ambiri amachita asanu, Azakhali. Sarria mpaka Portomarín makilomita 22, mpaka Palas de Rei 25, mpaka Arzúa 29, mpaka O Pedrouzo 19, tsiku lomaliza 20.

Malume (Lilongwe): Tsiku lachitatulo ayi. Makilomita 29 mapazi atatopa kale, komanso chigawo chimenecho n'chokwera n'kutsika mpaka kufika Arzúa. Muligawe pawiri, mugone ku Melide, pakatikati pomwe. Akhale masiku asanu ndi limodzi.

Achimwene (Leeds): Zamveka Malume, tatero.

Achemwali (Manchester): Ine ndilankhule ngati namwino. Anthu salephera ulendowu chifukwa cha mpweya, amalephera chifukwa cha mapazi. Nsapato zigulidwe pano, osati sabata yonyamukira. Zikhale zokulirapo pang'ono, chifukwa phazi limatupa mukayenda maola ambiri, ndipo potsetsereka chala chachikulu chimagunda kutsogolo mpaka chikhadabo kuda n'kuchoka. Mukayese madzulo, mutavala masokosi omwe mudzayendere. Masokosi a thonje ayi, amasunga thukuta, khungu limafewa, matuza n'kuyamba. Mapeyala atatu a ubweya kapena a nsalu youma msanga akwana. M'mawa pakani Vaseline pakati pa zala ndi kuchidendene. Mukangomva penapake pakutentha, imani pomwepo, vulani nsapato, matani pulasitala. Musanene kuti ndikaona tikafika, pofika limakhala thuza kale.

Mzime (Blantyre): Nanga likatuluka, tiboole?

Achemwali (Manchester): Laling'ono lisiye, ungoliphimba. Lalikulu lolepheretsa kuponda, sambitsa, boola m'mbali ndi singano yoyera, finya madzi, khungu lapamwamba usachotse, paka mankhwala opha tizilombo n'kumata. Likafiira mozungulira, kutentha kapena kutulutsa mafinya, ulendo uime, tipite kuchipatala. Ndipo kwa munthu wa shuga palibe zoboola yekha.

Azakhali (Zomba): Mayi anu shuga alibe, koma a BP aja amamwa tsiku lililonse.

Achemwali (Manchester): Atenge okwanira ulendo wonse ndi ena a sabata imodzi pamwamba, m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala. Akhale m'chikwama cham'manja pandege.

Malume (Lilongwe): Kukonzekera kuyambe miyezi itatu isanakwane. Katatu pa sabata, kuyamba ndi makilomita 5, kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka 18. Mwezi womaliza ayende masiku awiri otsatizana atabereka chikwama, chifukwa chovuta n'kudzuka mawa lake miyendo ili gwa n'kuyambiranso. Mzime, uziwatenga Mayi ako kumitunda, osamangoyenda pathyathyathya.

Mzime (Blantyre): Ndamva Malume. Loweruka tiyamba.

Alamu (Leeds): Za katundu. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwini wake. Wa makilo 70 anyamule 7, madzi ali momwemo. Zovala ziwiri zosinthira basi, mumachapa madzulo alionse. Jekete ya mvula isatsale, Galicia, chigawo cha Spain chomwe tidzayendemo, ndi dera la mvula ngakhale mu May. Thumba logonamo lopepuka, thaulo laling'ono, patapata, tochi, chipewa, botolo la lita imodzi, ndi zotseka m'makutu poti m'chipinda chimodzi mumagona anthu ambiri, ena oliza mkonono. Apongozi asabereke chachikulu: Correos (positi ofesi ya ku Spain) ndi makampani ena amanyamula chikwama kuchoka pogona pano kukasiya potsatira, timalipira patsiku.

Azakhali (Zomba): Chitenje ayikemo ndithu. Chofunda, chopukutira, chotchinga posintha zovala, n'chomwecho.

Alamu (Leeds): Zoona Azakhali. Koma ufa ndi usipa zitsale 🙏🏾 Zakudya zilipo njira yonse.

Achimwene (Leeds): Pogona pamatchedwa albergue. Za boma la Galicia n'zotchipa koma sabukitsa, woyamba kufika ndiye amapeza bedi, ndipo ofika atabereka okha katundu ndi omwe amaganiziridwa. Amatseka 10 koloko usiku, m'mawa pofika 8 mukhale mutatuluka. Ndi Mayi sitingathamangire bedi, ndiye tibukitsa za anthu wamba, tipemphe bedi lapansi. Tikafika paliponse, yang'anani m'misoko ya matiresi ngati muli nsikidzi, chikwama osachiika pabedi.

Malume (Lilongwe): Kabuku kaja osaiwala.

Achimwene (Leeds): Eya, credencial, kabuku kodindamo zidindo zotsimikizira kuti mwayendadi. Aliyense kake. Pamakilomita 100 omalizawo pamafunika zidindo ziwiri patsiku, ndi deti. Amadinda m'matchalitchi, mogona ndi modyera. Tizidinda podya chamasana ndi pofika pogona. Zikaperewera, ku ofesi ya amwendamnjira pa Rúa Carretas akhoza kukana kupereka Compostela. Kukwera takisi pachigawo china n'kuphwanyanso lamulo, choncho Mayi akatopa tipume tsiku, tidzayambire pomwe tinalekera. Njira yosasokoneza, tizingotsata mivi yachikasu ndi chizindikiro cha chigoba.

Mzime (Blantyre): Visa ya UK ya Mayi ikwanira?

Alamu (Leeds): Ayi. Spain ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, UK mulibe. Aliyense wa pasipoti ya Malawi akufunika visa ya Schengen, ngakhale ife okhala kuno. Apongozi ndi iwe mupemphe muli konko, chifukwa munthu amapempha kuchokera m'dziko lomwe amakhala. Amalandira mafomu kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kogona ndi wa ndalama.

Azakhali (Zomba): Mwezi wake uti?

Achimwene (Leeds): May kapena September. July ndi August kumatentha ndipo njira imadzaza. Dziwaninso kuti 2027 ndi Chaka Choyera kumeneko, poti 25 July, tsiku la Yakobo Woyera, ikugwa Lamulungu, mabedi adzasowa. Tsiku lomaliza tinyamuke O Pedrouzo kusanache ngati tikufuna Misa ya amwendamnjira ya 12 koloko. M'tchalitchi salola zikwama zazikulu, tikayambe tasiya.

Achemwali (Manchester): Ndi mayendedwe a Mayi, Misa imeneyo tiipange ya mawa lake. Achimwene onjezerani usiku umodzi ku Santiago pabajeti. Mzime, nditumizire saizi ya nsapato ya Mayi lero.