Amayi akulowa ku theatre Lachinayi, mankhwala a BP ndi shuga amwe kapena asiye?

Mayi a Tadala, Chinamwali:
Odziwa za chipatala ndithandizeni. Amayi anga, a zaka 62, akukachitidwa opaleshoni ya chophukacho Lachinayi. Akuti akagonekedwe Lachitatu, ndipo kuyambira pakati pa usiku asadye kanthu. Tsono m'mawa uliwonse amamwa amlodipine ndi enalapril a BP, metformin ndi glibenclamide a shuga, ndi ka aspirin kakang'ono kaja. Kodi kusadyako kukukhudzanso mapilitsi? Achimwene akuti asiye onse lero kuti magazi ayere, eni ake akuti akangodumphitsa a BP mutu umachita kuphwanya. Timvere ndani?

Bambo a ku Songani:
Asiye onse mayi. Agogo athu anasiya sabata yathunthu, ali bwinobwino mpaka lero.

Nesi wopuma, Matawale:
Bambo, agogo anuwo anangochita mwayi. Munthu akasiya a BP sabata yonse amakafika BP ili kumwamba, adokotala n'kuimitsa opaleshoni, mudikirenso tsiku lina. Transipoti yapita pachabe.

Wogonetsa odwala ku theatre:
Chemwali, ntchito yanga ndi imeneyi. Mankhwala asanuwo lililonse lili ndi malamulo ake.

Amlodipine nthawi zambiri timati amwe ngakhale m'mawa wa tsikulo, ndi timadzi tongomezera. Kusala kumene timanena ndi kwa chakudya, maola 6, chifukwa munthu akagonetsedwa m'mimba muli nsima kapena phala akhoza kusanza, zosanzazo n'kulowa m'mapapo. Madzi oyera malamulo amalola mpaka maola 2 asanalowe, koma tsatirani zimene a ku wodi akuuzeni. Tiyi wamkaka ndi thobwa n'chakudya, musanamizane kuti ndi madzi.

Enalapril ambiri timamuimitsa maola 24 opaleshoni isanachitike. Mankhwala ogonetsa amatsitsa kale BP, jakisoni wa pamsana ndiye makamaka, ndipo zikakumana ndi enalapril BP imatha kugwa kwambiri n'kuvuta kuikweza.

Amene ndimaopa ine ndi glibenclamide. Amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Amayi akamwa ali ndi njala shuga akhoza kutsikiratu, ndipo wogonetsedwa sanganene kuti ndikunjenjemera kapena ndikuona chidima. Ameneyo m'mawa wa Lachinayi ayi. Metformin nayenso kawirikawiri timamudumphitsa tsikulo, makamaka ngati impso ndi zofooka. Shuga timamuyeza pachala, akakwera kwambiri tili ndi insulin.

Aspirin sindingakuyankheni pano. Kodi anawapatsa chifukwa anachitapo sitiroko kapena vuto la mtima? Ngati ndi choncho kusiya kungakhale koopsa kuposa kumwa. Agamule ndi amene akukachita opaleshoniyo, ndipo mufunse mawa lomwe, chifukwa mphamvu yake m'magazi imatenga masiku kuti ithe.

Mayi a Tadala:
Sitiroko ayi, anangowapatsa ku kiliniki ya shuga. Koma pali china, amamwanso madzi a adyo ndi jinja, ndi botolo lina la zitsamba limene anagula mumsika waukulu. Pabotolopo sipanalembedwe chilichonse.

Wogonetsa odwala ku theatre:
Zimenezo ndiye asiye lero, ndipo mukanene. Adyo wambiri amatha kuchedwetsa magazi kuundana, za m'botolozo palibe akudziwa kuti muli chiyani. Odwala ambiri amabisa poopa kukalipiridwa. Sitikalipa, tikungofuna tidziwe tisanayambe.

Mlongo wa ku Thondwe:
Pepani ndilowerere. Nanga ma ARV? Aunt anga nawonso akudikira tsiku lawo.

Nesi wopuma, Matawale:
Ma ARV sasiya, mlongo, ngakhale a khunyu, ngakhale atenolol wa BP ndi mtima. Amamwa pa nthawi yake ndi timadzi pang'ono. Amene amamwa warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, ndiye auziretu adokotala msanga, amaimitsidwa masiku ngati 5 ndipo amayamba ayeza magazi. Mayi a Tadala, Lachitatu mutenge buku la kuchipatala ndi timapepala tonse ta mapilitsi momwe tilili. Osawakhuthulira m'kabotolo kamodzi, oyera oyerawo amafanana. Wogonetsa akabwera kudzawaona, mumupemphe alembe m'bukumo kuti awa amwe, awa ayi.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse. Mawa ndilawirira kukafunsa za aspirin. Botolo lija ndalanda kale, amayi akwiya koma ndilitenga Lachitatu akalione okha adokotala.